Kwa eni shopu ya zipangizo zamagetsi ku Limbe: ndibwezereni K1,480,000 yanga

Bwana, ndalemba poyera chifukwa pa WhatsApp mumangowerenga osayankha. Ndine uja ndinagula kwa inu power supply (makina opereka magetsi poyesa zipangizo) yolamulidwa ndi kompyuta, mwezi watha kaya uja unzake, tsiku ndaiwala koma ndalama ayi: K1,480,000, risiti ili m'manja. Ndimakonza ma charge controller a sola (zipangizo zolamulira katchajidwe ka batire) kuno ku Matawale, ndipo ndinkafuna makina oti ndiziwatuma ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, pa laputopu, osati kupotokola batani tsiku lonse.

Ndisanalipire ndinafunsa chinthu chimodzi: kodi makinawa amamva *OPC? Munati eya, amamva zonse. Abale amene mukuwerenga, m'chilankhulo cha SCPI chimene timalamulira makina otere, *OPC? ndiye kufunsa kuti "zimene ndakutuma zija wamaliza?" Makina akamaliza amayankha 1, kenako umatumiza lamulo lina. Zili mu IEEE 488.2, muyezo wa malamulo a makina otere, sindinapeke ine. Anuwa ndikawafunsa choncho amangoti zii. Ndikafunsa chalakwika n'chiyani ndi SYST:ERR? akuti -113, Undefined header. *WAI, lamulo loti makina adikire kaye amalize, chimodzimodzi. Salidziwa n'komwe lamulolo.

Ndiye taonani zinachitika. Ndinali nditayesa controller ya 24V pa 28.8V, kenako ndinalumikiza ya kasitomala ya 12V. Ndinatumiza VOLT 14.4 kuti atsitse magetsi kufika 14.4V, pambuyo pake OUTP ON kuti ayatse. Makina anayatsa magetsi asanatsitse. Fungo la kupsa linadzaza shopu yonse, ndipo mayi a ku Chinamwali eni controller ija ndinawalipira K95,000 ya m'thumba mwanga.

Koma chandiwawa kwambiri si chimenecho. Munandiuza pa foni kuti ndibwere nawo, injiniya wanu aikamo firmware (pulogalamu ya mkati mwa makina) yatsopano. Ndinatseka shopu, ndinalawira m'mamawa, makina pamiyendo mu minibasi kudutsa Thondwe, Namadzi mpaka Limbe, K7,500 kupita, K7,500 kubwera, kabaza K2,000. Ndikufika, injiniya palibe. Mnyamata wa pa kauntala, maso ali pa foni, ngakhale "takulandirani" osanena, anandidikiritsa mpaka masana. Nditafotokoza, anaseka n'kuti, "Madala, mungoikapo sleep ya masekondi awiri basi, za ku Zomba zimenezo, nokha simudziwa kugwiritsa ntchito." Pamaso pa makasitomala ena!

Zikomo kwambiri achimwene chifukwa cha maphunziro aulerewo. Sleep ndikuidziwa. Ndi kuimitsa pulogalamu kwakanthawi n'kungoyerekeza kuti mwina makina amaliza, osamva kwa makinawo. Tsiku limene adzachedwe kuposa masekondi awiriwo, chipangizo cha munthu wina chidzapsanso, ndipo adzalipire ndani? Inuyo? Komanso kuyesa controller imodzi kumafuna masitepe 200. Werengani nokha, masekondi 400 ongokhala ndikuyang'ana khoma. Panopa ndikuchita kufunsa MEAS:VOLT? (magetsi ali pa ma volt angati) mobwerezabwereza mpaka nambala ikhazikike, ntchito imene ndinalipira ndalama zonse zija kuti ndisamaigwire.

Ndinapemphanso buku la malamulo a makinawa. Akuti lili ndi bwana, bwana ali ku Lilongwe. Kani buku limakwera basi limodzi ndi bwana?

Anthuni, kodi ndalakwa pati? Munthu wagula ndi thukuta lake, wawononga tsiku lonse, n'kumusekanso?

Poyamba ndinkangofuna firmware. Pano ayi. Tengani makina anu, mundibwezere K1,480,000, muonjezere K95,000 ya controller ndi K17,000 ya mayendedwe. Zonse pamodzi K1,592,000. Ndipo ku Limbe sindibweranso, mutume munthu adzawatenge kuno. Likafika Lachisanu ndalama sizinalowe, ndikupita ndi risiti ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo voice note ija munati "amamva zonse" ndiiponya m'magulu onse a amisiri a sola a ku Zomba ndi Machinga, dzina la shopu yanu lili pamwamba.