Tisaiwale abusa a mu 1662

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse awerengi za nkhanza zomwe zidagwera abusa a gulu la Puritan (Akhristu omwe ankafuna kuyeretsa mpingo wa Anglican) ku England. Asanabwerere pampando mu 1660, Mfumu Charles II adalonjeza ali ku Breda, mzinda wa ku Netherlands, kuti munthu sadzavutitsidwa chifukwa cha chikhulupiriro chake. Koma mu 1662 nyumba ya malamulo idalamula kuti mbusa aliyense avomereze buku la mapemphero la mpingo wa Anglican pofika pa 24 Ogasiti. Abusa pafupifupi 2,000 omwe adakana adachotsedwa m'mipingo, nyumba ndi malipiro zidapita.

Chimandiwawa kwambiri ndi lamulo la mu 1665, lomwe lidawaletsa kuyandikira mtunda wa mamailosi asanu kumene ankatumikira. Kuwalanda ntchito sikudakwane, mpaka kuwalekanitsa ndi nkhosa zawo!

Ndikupempha sukulu zaubusa kuti mbiriyi ziziiphunzitsa mwakuya.

Wowerenga wanu,
Zomba