Tiphunzitse ana kufunsa chimene chatsitsa dzaye

Akonzi,

Ndinaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri ndipo tsopano ndinapuma. Masiku ano ndimakhala pakhonde kumvera mapulogalamu a pawailesi amene anthu amaimba foni kupereka maganizo awo, komanso kuwerenga zimene adzukulu anga amanditumizira pa WhatsApp. Kuyankhula timatha, ndipo mwaluso ndithu. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ambirife sitinazolowere kuyeza nkhani tisanaikhulupirire, ndipo m'dziko muno kulephera kumeneku kwaphetsa kale anthu.

Mu Januwale 2016, ku Neno, mphenzi inapha mtsikana wina. Pasanapite nthawi, anthu a m'mudzimo anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulolo silinawapulumutse. Maganizo amene amafikitsa anthu pamenepa amayenda motere: mwana wafa mwadzidzidzi, imfa yadzidzidzi imakhala ndi mwini wake, ndiye mwini wake ndi agogo aja okhala okha kumapeto kwa mudzi. Wina akanaimirira n'kufunsa kuti mfundo yachiwiriyo taitenga kuti, nanga mwa anthu onse a m'mudzi n'chiyani chikuloza agogowo, mwina lero tikanakhala tikusimba zina. Januwale ndi mwezi wa mvula, ndipo mphenzi imagwa pa ng'ombe, pa mitengo ya m'thengo ndi pa mapiri pomwe palibe amene anayambana ndi mnzake.

Luso loyeza maganizo chonchi, lomwe pa Chingerezi amati logic, ndi lakale kwambiri. Aristotle wa ku Greece, amene anabadwa m'chaka cha 384 Yesu asanabadwe n'kumwalira mu 322, ndiye anayamba kulilemba mwadongosolo. Mutu wake ndi wosavuta. Munthu akamakuuza chinthu kuti uchivomere, mawu ake amakhala ndi mbali ziwiri: mfundo zimene waimapo, ndi chigamulo chimene akufuna ufikepo. Ndiye pali mafunso awiri, ndipo ayenera kufunsidwa padera. Loyamba, kodi mfundozo n'zoona? Lachiwiri, ngakhale zikhale zoona, kodi zikutifikitsadi pa chigamulocho?

Funso lachiwirili ndi limene limatipunthwitsa kwambiri, chifukwa mfundo zikakhala zoona timagonja msanga. Mayi aliyense amadziwa kuti mwana wodwala malungo amatentha thupi. N'zoona. Usiku wina mwana watentha thupi. N'zoonanso. Mayi uja n'kunena kuti ndi malungo basi, m'mawa n'kukagula mankhwala pagolosale. Mfundo zonse ziwiri zilibe bodza, koma chigamulo chadumpha. Chibayo chimatenthetsa thupi, zilonda za kukhosi zimatenthetsa thupi, matenda oumitsa khosi nawonso chimodzimodzi. Tikanati aliyense wotentha thupi ali ndi malungo, apo chigamulo chikanatsatira, koma zimenezo sizoona ndipo palibe anazinena. N'chifukwa chake kuyambira 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti munthu aziyezedwa magazi kaye asanapatsidwe mankhwala a malungo. Kadontho ka magazi kamene amatenga pa chala ku chipatala kaja n'kofuna kutseka mpata womwewu. Ine ndinaonapo mwana wa mnansi wanga akumwetsedwa mankhwala a malungo masiku atatu, kupuma kukumka kuvutiravutira, mpaka atamutengera ku chipatala n'kupezeka kuti ndi chibayo. Anachira, koma zinatsala pang'ono.

Makolo athu ankadziwa zimenezi. Paja amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Koma kupeza chimene chatsitsa dzaye ndi ntchito, ndipo pali nkhani ina imene ndinkakonda kufotokozera ophunzira anga yoonetsa mmene ntchitoyo imagwiridwira.

Mu 1854 kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London ndipo inapha anthu oposa 600. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti kolera imabwera ndi mpweya wonunkha. Maganizo awo anali ndi pogwira, chifukwa madera onunkha ndi amenenso kunkafa anthu ambiri. Dokotala wina, John Snow, anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anapeza kuti ambiri ankamwa a pa mjigo wa mu msewu wa Broad Street. Akanalekera pomwepo, otsutsa akanati anthuwo ankapumanso mpweya umodzi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti iye anakafufuza dala malo amene maganizo ake akanagwera. Mu msewu womwewo munali fakitale yofulula mowa, ndipo antchito ake, omwe sankamwa madzi a pa mjigowo, sanafe ndi kolera ngakhale ankapuma mpweya womwewo. Komanso kunali mayi wina wamasiye wokhala kutali, ku Hampstead, amene ankakonda kukoma kwa madzi a ku Broad Street moti ankachita kumubweretsera m'botolo. Mayiyo anafa ndi kolera, ali kutali ndi fungo lija. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo.

Taonani kusiyana kwake ndi zimene zinachitika kuno mu 2017. Mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa, magalimoto anagendedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Ndikukumbukira ndili mu minibasi masiku amenewo, bambo wina wovala bwino akusimba mmene anamapopa amalowera padenga. Mnyamata wina anamufunsa mwaulemu kuti, “Kodi bambo, munawaona?” Yankho linali lakuti, “Dziko lonse likunena, iwe ndiwe ndani? Kapena uli nawo limodzi?” Minibasi yonse inamutembenukira mnyamatayo, ndipo anakhala chete mpaka anatsika. Inenso ndinakhala chete, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti sindinamuikire kumbuyo.

M'yankho la bamboyo munali zolakwika ziwiri zimene timazimva tsiku ndi tsiku. Choyamba ndi kuyesa kuchuluka kwa onena ngati umboni. Anthu chikwi amene amva kwa munthu mmodzi ndi mboni imodzi yokha, ndipo ngati mmodziyo anangomva nayenso, ndiye kuti mboni palibe. Chachiwiri ndi kusiya funso n'kulimbana ndi wofunsa. Izi zadzaza mu ndale zathu. Wina akafunsa za mtengo wa feteleza kapena kusowa kwa mafuta, timayamba tafufuza kwawo ndi chipani chake, ngati kuti masamu amasintha malinga ndi boma limene munthu anabadwira. Wakuba akakuuza kuti denga lako likudontha, kakwere ukaone dengalo. Ndipo nkhani imene yakonzedwa mwakuti aliyense woikayikira amasanduka umboni wake ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa palibenso khomo loti choonadi chilowere.

Ena adzati zimenezi n'zachizungu, zofuna kunyoza chikhalidwe chathu. Sindikuvomereza. Ndili mwana ndinkakhala kumbuyo pa bwalo la amfumu kumvera milandu ya mbuzi zodya mmera ndi ya malire a minda. Nduna ina yokalamba inali ndi funso limodzi kwa mboni iliyonse: “Zimenezi mwaona ndi maso anu, kapena mwamva?” Munthu akati wamva, ankamuuza kuti akhale pansi, aitane amene anamuuzayo. Wodandaula ankanena zake, woimbidwa mlandu ankanena zake, ndipo nduna zinkabwereza mawu a aliyense kuti iye mwini avomereze kuti amumva bwino zisanayambe kugamula. Akuluakulu aja sanamvepo za Aristotle, koma ankasiyanitsa umboni ndi mphekesera kuposa ambiri a ife amene tili ndi foni m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo foni yatilanda kudekhako: uthenga ukafika, chala chimathamangira kutumiza mutu usanafunse kanthu.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga amene akadali m'kalasi, komanso kwa inu akonzi. M'sukulu zambiri muli makalabu a mtsutso, koma kawirikawiri amapambana ndi wodziwa Chingerezi chambiri ndi wokweza mawu. Tiyeni tizichitako mitsutso ina m'Chichewa, ndipo woweruza azipereka malikisi kwa mwana amene wasonyeza pamene mfundo ya mnzake yadumpha, komanso kwa amene wavomera poyera kuti mnzake wamugonjetsa ndi umboni. Sizifuna buku latsopano kapena ndalama. Mphunzitsi angathe kutenga uthenga umodzi wa pa WhatsApp umene wazungulira sabata imeneyo, kuulemba pa bolodi, n'kuuza ana kuti adule mzere pansi pa mfundo, azungulize chigamulo, kenako anene umboni umene ungawachititse kusintha maganizo.

Kwa inu akonzi, ndikupempha kadanga kakang'ono sabata iliyonse m'nyuzipepala yanu kochitira zomwezi ndi zonena za andale, za alaliki, za ogulitsa mankhwala m'mabasi, ngakhalenso za ife olemba makalata. Mukadzatsegula kadangako, muyambe ndi kalata yanga inoyi.

Mphunzitsi wopuma,
Balaka