Chilengezo: Tisonkhe chakudya cha okalamba ndi ana amasiye

Amayi ndi abambo a gulu lathu la banki m'khonde kuno kwa Kamwendo, zinthu zakwera mtengo, tonse tikulira. Koma njala ya mu Januwale ndi Febuluwale imapweteka kwambiri okalamba ndi ana amasiye. Dzulo ndinapeza agogo ena akuphika mango aawisi, m'nkhokwe mulibe ndi chitsononkho chomwe. Mtima unandiwawa.

Choncho Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, tikumane pamalo athu anthawi zonse. Aliyense abwere ndi chimene angathe: ndowa ya chimanga, mbale ya nyemba, mtedza, ngakhale kamchere. Chimangacho chikhale chouma bwino, chopanda anankafumbwe, poti china tichisunga mpaka Febuluwale. Mayina a olandira tidzalemba pamodzi ndi amfumu. Amene muli ndi ngolo, chonde mutithandize kunyamula.