Lipoti la nthumwi zathu ku msonkhano wa maphunziro opanga mawebusaiti kwa oyamba kumene

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munatituma kuti tikamve za maphunziro ofupikitsa opanga mawebusaiti, aja amawatcha bootcamp, ndi kudzakuuzani ngati gulu lathu lingalipirire achinyamata amene sanaikhudzepo ntchitoyi. Kumsonkhanoko kunali aphunzitsi a ntchitoyi, ena amene amalemba anthu ntchito yopanga mawebusaiti, komanso ophunzira amene anamaliza kale. Yankho lathu ndi lakuti tiwalipirire, koma tisatumize munthu amene sanakonzekere, ndipo tisapereke ndalama ku sukulu imene imathamangitsira ophunzira ku zida zapamwamba asanagwire maziko.

Bootcamp si koleji. Ndi maphunziro a tsiku lonse amene kawirikawiri amatenga masabata 12 mpaka 24, ndipo a madzulo okha amatalikirapo. Anatchuka ku America cha m'ma 2012. Imodzi mwa sukulu zoyambirira, Dev Bootcamp ya ku San Francisco, inatsegulidwa mu 2012 n'kutsekedwa mu 2017, zomwe zikutikumbutsa kuti sukulu zoterezi ndi mabizinesi ndipo zimatha. Olemba ntchito ananena mosabisa kuti satifiketi ya bootcamp payokha sailemekeza kwenikweni. Amafuna kuona webusaiti imene munthu wapanga, kuitsegula pa foni, kenako kumufunsa chifukwa chake anailemba motero.

Nkhani imene inatenga nthawi yaitali ndi ya kukonzekera. Woyamba kumene amagwa pa zinthu zimene sukulu zimaganiza kuti akuzidziwa kale. Choyamba ndi kutaipa: munthu wotaipa ndi zala ziwiri, wosadziwa pomwe pali zizindikiro monga { ndi ; pa kiyibodi, amatsala pamene mphunzitsi wafika kale patsogolo. Chachiwiri ndi mafayilo ndi mafoda. Windows imabisa mathero a mayina a mafayilo, choncho wophunzira akasunga tsamba lake mu Notepad amaganiza kuti dzina lake ndi index.html pamene kwenikweni ndi index.html.txt, ndipo browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti monga Chrome, imangomuonetsa malemba osakonzeka. Zimatheka kukonza m'mphindi imodzi potsegula File Explorer ndi kusankha kuti mathero a mayina azioneka, koma wosadziwa amataya tsiku lonse. Chachitatu ndi kuwerenga Chingerezi. Sipafunika Chingerezi cholankhula bwino, koma mauthenga a zolakwika ndi malangizo onse amabwera m'chinenero chimenechi, ndipo amene amachita mantha akaona zofiira pa sikirini sapita patali. Aphunzitsi analangiza masabata anayi okonzekera, maola awiri pa tsiku, pogwiritsa ntchito maphunziro aulere a freeCodeCamp kapena The Odin Project. Masabata amenewa amathandizanso kuona amene ali ndi chidwi chenicheni ndalama zisanatuluke.

Pa zida, foni siikwanira. Pafunika laputopu ya RAM (malo amene kompyuta imaika zimene ikugwira pa nthawiyo) ya 8GB yokhala ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga). Ya 4GB imagwira ntchito pa masabata oyambirira, koma ikafika nthawi yotsegula Chrome, Visual Studio Code ndi seva (pulogalamu imene imapereka masamba kwa browser) nthawi imodzi imayamba kuima. Laputopu yakale ndi yabwinobwino bola batire yake izisunga moto maola atatu kapena kuposa, chifukwa tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira. Mapulogalamu ofunika onse ndi aulere: Visual Studio Code yolembera, Git yosungira mbiri ya ntchito, Node.js yoyendetsera seva (mtundu wokhazikika wotchedwa LTS), ndi Chrome kapena Firefox. Akopedwe kamodzi n'kuikidwa pa fulashi kuti aliyense asamathe bandulo yake pa chinthu chomwecho. Mu Visual Studio Code wophunzira ayatse Auto Save tsiku loyamba lomwe. Webusaiti ya DevDocs imalola kusunga malangizo a zinenero zolembera mawebusaiti, HTML, CSS ndi JavaScript, mu browser kuti aziwerengedwa popanda intaneti, ndipo izi zimapulumutsa ndalama zambiri kuposa kuonera mavidiyo. Vidiyo ya code, kutanthauza malamulo amene munthu amalembera kompyuta, ukaichepetsa kuti isadye bandulo zilembo zake sizioneka, ukaikweza bandulo imatha pa ola limodzi.

Dongosolo limene ambiri anavomereza ndi la masabata awiri a HTML (zamkati mwa tsamba), atatu a CSS (maonekedwe ake), osachepera asanu a JavaScript (zimene tsambalo limachita), kenako seva ndi database (nkhokwe ya uthenga), ndipo React (chida chomangira masamba ndi JavaScript) pamapeto ngati nthawi ilipo. Apa ndi pamene sukulu zimasiyanirana. Zina zimalowetsa React pa sabata yachinayi chifukwa dzinalo limakopa olipira. React inapangidwa ku Facebook ndipo inatulutsidwa mu 2013, ndi chida chabwino, koma inamangidwa pamwamba pa JavaScript. Wophunzira amene sanamvetse maziko a JavaScript monga function, array ndi object amangokopera zimene akuona, ndipo chinthu chimodzi chikasintha amasowa pogwira. Mmera mpoyamba, ndipo pa ntchitoyi mawuwa ndi oona kwenikweni.

Pa HTML vuto lalikulu ndi njira zopita ku mafayilo. Chithunzi chikakana kuoneka, nthawi zambiri n'chifukwa chakuti chili mu foda ya images koma code ikuchifuna pamene pali tsambalo, kapena wophunzira walemba njira yoyamba ndi C:\Users, imene imagwira pa kompyuta yake yokha. Palinso vuto lina lobisika. Windows imaona Logo.png ndi logo.png ngati dzina limodzi, koma maseva ambiri amayendera Linux, imene imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Webusaiti imaoneka bwino kunyumba, ikaikidwa pa intaneti zithunzi zimasowa ndipo pamabwera 404, uthenga wakuti fayiloyo sinapezeke. Lamulo lake n'lakuti mayina onse a mafayilo alembedwe ndi zilembo zazing'ono, opanda mpata pakati.

Pa CSS oyamba amadabwa bokosi limene alipatsa m'lifupi wa mapikiselo 300 likakula kuposa pamenepo. Browser imawonjezera padding (mpata wa mkati mwa bokosi) ndi border (malire ake) pamwamba pa m'lifupiwo, moti padding ya 20 mbali zonse ziwiri imalifikitsa pa 340. Kulemba box-sizing: border-box kumayambiriro kwa fayilo kumathetsa zimenezi. Aphunzitsi anatsindikanso kuti ophunzira aziyamba kukonzera sikirini ya foni, chifukwa anthu ambiri kwathu kuno amalowa pa intaneti ndi foni. Mzere wa meta viewport, umene umauza browser kuti itsatire kukula kwa sikirini, ukaiwalika, foni imaonetsa tsamba lonse ngati la kompyuta, zilembo n'kukhala tinthu tosawerengeka. Ndipo chithunzi chochokera ku kamera ya foni chimalemera ma megabyte angapo. Chichepetsedwe chisanaikidwe, apo ayi kasitomala wa ku Mchinji amene netiweki yake ndi yofooka atseka tsambalo lisanatseguke.

JavaScript ndi pamene ambiri amafooka, choncho tikhalapo pang'ono. Chimene munthu walemba mu fomu chimafika ngati mawu osati nambala, ngakhale atalemba 5. Ndiye "5" + 1 imatulutsa 51 m'malo mwa 6, ndipo pulogalamu yowerengera mtengo wa katundu imapereka chiwerengero cholakwika popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Pafunika kusintha mawuwo kukhala nambala ndi Number asanaphatikizidwe. Chizindikiro chimodzi cha = chimapereka mtengo ku chinthu, pamene zitatu, ===, zimayerekeza. Kusokoneza ziwirizi mkati mwa if, lamulo losankhira njira, kumachititsa kuti pulogalamu iziyenda njira imodzi yokha nthawi zonse. Pa ndalama, 0.1 + 0.2 imatulutsa 0.30000000000000004 chifukwa cha mmene kompyuta imasungira manambala a madesimo, choncho ndalama ziziwerengedwa m'matambala athunthu n'kusinthidwa kukhala makwacha pozionetsa pokha. Miyezi mu Date imayambira pa 0, kutanthauza kuti Januwale ndi 0 ndipo Disembala ndi 11.

Uthenga umene woyamba aliyense amakumana nawo ndi wonena kuti pulogalamu siingawerenge kanthu kuchokera ku null, kutanthauza pamene palibe kanthu. Kawirikawiri chimachititsa n'chakuti script, code ya JavaScript, yaikidwa pamwamba pa tsamba ndipo ikufunafuna batani limene browser isanafike polipanga. Kuika script kumapeto kwa body kapena kuwonjezera mawu akuti defer kumakonza. Vuto lofanana nalo limabwera pa fetch: pulogalamu imapempha uthenga ku seva, siidikira, n'kupitirira kugwiritsa ntchito chinthu chimene chisanafike. Kumvetsa async ndi await, mawu amene amauza pulogalamu kuti idikire, kumatenga masiku angapo, ndipo sukulu imene imangopatsa phunziroli ola limodzi ikunamiza ophunzira ake.

Chimene chinatikhudza pa zonsezi n'chakuti luso lalikulu limene bootcamp yabwino imapereka ndi kufufuza cholakwika. Wophunzira azidina F12, kutsegula Console, kuwerenga uthengawo mpaka kumapeto, kuona dzina la fayilo ndi nambala ya mzere, kuika console.log pamalopo kuti aone chimene chilipo, n'kusintha chinthu chimodzi chokha asanayesenso. Aphunzitsi ena amaika lamulo loti wophunzira alimbane ndi vuto yekha kwa mphindi 20 kapena 30, kenako afunse atalemba zimene amayembekezera, zimene zachitika ndi zimene wayesa kale. Pa zida monga ChatGPT maganizo anasiyana. Palibe amene ananena kuti ziletsedwe mpaka kalekale, koma ambiri anagwirizana kuti pa masabata oyambirira wophunzira azizifunsa kuti zimufotokozere uthenga wa cholakwika, osati zimulembere ntchito yonse. Ife tikugwirizana nazo, chifukwa amene wapereka code imene sangaifotokoze amagwidwa pa funso loyamba la wolemba ntchito.

Git iphunzitsidwe kuyambira sabata yoyamba. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi malamulo atatu, git add, git commit ndi git push, ndipo munthu azichita commit akangomaliza kachigawo kamene kakugwira ntchito. Laputopu ikabedwa kapena kufa, ntchito imakhalabe pa GitHub, webusaiti yosungirako code. Kuyambira mu Ogasiti 2021 GitHub siilolanso pasiwedi wamba potumiza code, pafunika kiyi yachinsinsi yapadera, token kapena kiyi ya SSH, ndipo mavidiyo akale sanena zimenezi. Fayilo ya .gitignore, imene imauza Git zimene isatumize, ikhale ndi node_modules ndi .env. Foda ya node_modules, imene imasunga mapulogalamu othandizira okopedwa, imatha kufika ma megabyte mazana ndipo imapangikanso ndi npm install, choncho kuitumiza n'kuwononga bandulo. Fayilo ya .env imasunga mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi. Ikatumizidwa poyera ngakhale kamodzi, kuifufuta sikukwanira chifukwa imatsala mu mbiri ya Git, ndipo kiyiyo iyenera kusinthidwa nthawi yomweyo.

Za seva tidutsa mwachangu chifukwa zimabwera mochedwa. Ambiri amaphunzitsa Node.js ndi Express, chida chomangira seva, pamodzi ndi database ya SQL, chinenero chofunsira database. Uthenga wa EADDRINUSE umatanthauza kuti seva yakale ikuyendabe pa port (khomo la nambala limene seva imagwiritsa ntchito) yomweyo, kawirikawiri 3000, ndipo iyenera kuzimitsidwa kaye. Zinthu ziwiri zokha tikupempha kuti sukulu iliyonse isazilumphe: mapasiwedi a anthu asasungidwe monga momwe alembedwera koma adutse mu bcrypt, chida chowasokoneza kuti asawerengeke, kapena chida chofanana nacho, ndipo zimene munthu walemba mu fomu zisalumikizidwe mwachindunji mu funso la SQL, chifukwa umu ndi momwe akuba amalowera mu database. Ophunzira ambiri amafuna kuyamba ndi kulandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Zimenezo zidikire mpaka maziko awiriwa atakhazikika.

Pomaliza maphunziro wophunzira akhale ndi ntchito zitatu zimene zili pa intaneti ndipo munthu angazitsegule. GitHub Pages imasunga mwaulere mawebusaiti a HTML, CSS ndi JavaScript opanda seva. Imodzi mwa ntchitozo ikhale ya munthu weniweni, kaya sitolo ya zipangizo zaulimi, sukulu ya mkaka kapena mpingo, chifukwa kasitomala weniweni amasintha maganizo, amatumiza zithunzi zosaoneka bwino ndipo amafunsa mafunso amene vidiyo siifunsa.

Tisanalipire sukulu iliyonse, tiifunse kuti mphunzitsi mmodzi amayang'anira ophunzira angati, ndani amawerenga code ya wophunzira aliyense ndipo kangati pa sabata, masabata angati amaperekedwa ku JavaScript React isanayambe, komanso ngati intaneti ndi magetsi a padera zili mu fizi. Tipemphe kuona mawebusaiti a ophunzira amene anamaliza ndi kulankhula nawo patokha. Ngati sukulu ikunena kuti munthu adzalipira akadzapeza ntchito, mgwirizanowo uwerengedwe wonse: gawo lanji la malipiro, kwa miyezi ingati, ndi ntchito yotani imene imawerengedwa kuti ndiyo wapeza. Lonjezo loti aliyense adzalembedwa ntchito tisalimvere ngati silinalembedwe.

Tikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu ivomereze masabata anayi okonzekera m'chipinda chathu, ndi malaputopu amene mamembala angabwereke, munthu mmodzi kapena awiri pa laputopu. Pamapeto pake aliyense apange tsamba limodzi lokhala ndi chithunzi, fomu ndi batani logwira ntchito, aliike pa GitHub Pages, n'kulifotokoza mzere ndi mzere pamaso pa komiti. Amene akwanitse ndi amene mayina awo apite kwa msungichuma.

Ife nthumwi zanu.