Olumala pa ngozi za mathiraki asamasainire chipepeso mopupuluma

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za anthu amene akulumala pa ngozi za mathiraki kuno ku Mangochi, makamaka mumsewu wa M3 wochokera ku Liwonde, umene umawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri a Namwera kulowera kuchipata cha Chiponde. Galimoto yolemedwa ndi katundu ikaduka mabuleki pamtsetse, amene amapwetekeka kwambiri ndi akabaza ndi amayi oyenda m'mbali mwa msewu.

Chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi zochitika pambuyo pa ngoziyo. Munthu ali chigonere kuchipatala chachikulu cha Zomba kapena ku Gulupu ku Blantyre, wathyoka msana kapena amudula mwendo, mwini thiraki amatuma nthumwi ndi kandalama kachipepeso, ndipo achibale, chifukwa cha kusowa ndi mantha a kukhoti, amasainira kalata yakuti nkhaniyo yathera pomwepo. Ndalamazo zimathera paulendo ndi chakudya cha omudwazika, pomwe kulumalako n'kwa moyo wonse, ndipo msodzi wopanda mwendo sangabwererenso panyanja ngati kale.

Ambiri sadziwa kuti lamulo la zapamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndiponso kuti wovulala angathe kusumira dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi pamlandu umodzi. Kampaniyo imalipira kulekeza pamalire a mgwirizano wake, koma zotsalazo zimagwera mwini galimoto. Khoti likamawerengera chipukuta misozi limaganizira ululu, kulumala, ndalama zakuchipatala komanso zimene munthuyo akadapeza akadapitiriza ntchito yake. Komatu mlandu wotere uyenera kukalowa m'khoti zisanathe zaka zitatu, ndipo popanda lipoti la apolisi ndi la dokotala suyenda bwino.

Malire a inshuwalansiwo nawonso ayenera kuunikidwa, poti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njinga ya olumala ndi mankhwala zidakwera mtengo koopsa.

Ndikupempha a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, kuti azifika m'zipatala ndi kwa mafumu kudzafotokozera anthu ufulu umenewu, chifukwa bwalo lalikulu la milandu lili kutali ku Zomba ndipo wosauka sangalipire loya. Apolisi nawonso azipereka malipoti angozi msanga, wovulala asanakakamizike kusaina chilichonse.

Nzika yokhudzidwa,
Namwera, Mangochi