Kalata kwa Tamanda ku Johannesburg

Mnzanga Tamanda,

Kalata yako anabwera nayo ndi Che Jafali, pamodzi ndi kajumbo ka mafuta odzola kaja. Zikomo. Koma iwe, moni mzere umodzi basi, kotsalako malangizo okhaokha mpaka kuseri kwa pepala? Johannesburg yakusandutsa PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale uja, changotsala ndi njinga yamoto yoyendera masukulu. Tili bwino, kaya iwe ndi bambo a Limbani.

Zimene unamva kwa Esnart ndi zoona, Yamikani temu ino sakupita kusukulu. Chidwalireni muja khutu lakumanzere silimva, lakumanja limangotola zapafupi. M'kalasi mwawo ana ndi ochuluka moti ena amakhala pakhomo, ndiye iye akakhala kumbuyo amangoona milomo ya aphunzitsi ikuyenda. Aphunzitsiwo sindikuwada ayi, munthu mmodzi sangafuule tsiku lonse chifukwa cha mwana mmodzi. Koma mwana wa zaka khumi, wabwereza Sitandade 3, ukamulozera liwu loti “nkhwangwa” amangoti duu kukuyang'ana m'maso kuti umuuze. Tsiku lina anabwera atalemba m'kope zimene anzake sanalembe, poti anangoganizira zimene aphunzitsi ananena. Usiku umenewo sindinagone, m'mawa mwake ndinauza bambo ake kuti ndimuphunzitsa ndekha pakhonde pano.

Tsono bokosi la mabuku a ACE, a maphunziro achikhristu a ku America, ukufuna kunditumiziralo, dikira kaye, usalipire atiransipota. Ndawaona mabukuwo kwa mayi busa a ku Monkey Bay aja, mwana wawo amaphunzira omwewo. Ndi okongola, sindikana. Timabuku tating'onoting'ono totchedwa PACE, phunziro lililonse pafupifupi timabuku 12 pachaka, mwana amadziikira yekha masamba oti amalize tsikulo, kudziwerengera yekha, kenako kukadzichongera yekha. Kwa mwana wosamva bwino zinandikopa ndithu, poti safunika kutchera khutu kwa wina aliyense. Koma taganiza, zonsezo zimafuna mwana amene akuwerenga kale Chingerezi, ndipo zinalembedwa ku America, za ana a ku America. Yamikani akulimbana ndi “nkhwangwa”, ine ndimupatse kabuku ka Chingerezi ndi kumuuza kuti dziphunzitse wekha? Ndikhala ndamusiyanso kumbuyo kwa kalasi, kusiyana kwake n'koti kalasiyo ili m'nyumba mwanga.

Za silabasi ya ku Britain ya Cambridge unatchulazo, tisanamizane mnzanga. Mayeso ake a IGCSE mtengo wake umatsata ndalama zakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chodutsa pa boda chinasanduka cha mabwana. Bizinesi ya usipa siyingalipire zimenezo. Silabasi ya kwanuko ya CAPS nayo chaka chake chimayamba Januwale pamene kuno timatsegulira Seputembala, ndipo mapeto ake ndi mayeso a matric. Mwana wanga matric akalembera kuti? Pa Namwera?

Funso limene landithandiza ndi limodzi lokha: mwanayu adzakhala pansi kulemba mayeso a ndani? Yankho ndi a MANEB. Akafika Sitandade 8 adzakumana ndi mayeso a PSLCE, ndipo m'menemo muli Chichewa, Chingerezi, Masamu, sayansi yomwe imatenganso za ulimi, za chikhalidwe ndi chipembedzo, ndi za luso ndi moyo. Malo ku sekondale ya boma amachokera pamenepo. Buku la ku America silidzamuuza kapangidwe ka mizere ya chimanga, kapena kusiyana kwa mwambi ndi chining'a, kapena kuti Shire amatuluka m'nyanja pano pathu pa Mangochi n'kukalowa m'Malombe. Ndiye ndasankha silabasi ya boma, mabuku omwe amalembedwa ku MIE, bungwe lokonza silabasi, ku Domasi. Imeneyo ndiye nsima. Ako akunjawo akhale ndiwo, ndiwalandira ndi manja awiri, koma mwana sagonera ndiwo zokha.

Chimene sindinkadziwa kufunika kwake ndi buku la mphunzitsi. Anthu amathamangira buku la ophunzira, koma lopanda linzake lija umangotsegula masamba osadziwa poyambira. La mphunzitsi limakuuza kuti lero yamba ndi ichi, funsa chakuti, mwana akalephera bwerera apa. Anandibwereka ndi a Phiri opuma aja, lachita kuthothoka chikuto koma masamba onse alimo. Iwo ndi amenenso anandiuza kuti ndisachite manyazi kubwerera m'mbuyo. Choncho pa kuwerenga tatsika mpaka mabuku a Sitandade 1 ndi 2 a pulogalamu ya kuwerenga ija inayamba mu 2016, amene amayambira pa maliwu a malembo, kenako maphatikizo, kenako mawu. Ndimakhala naye maso ndi maso, mbali ya khutu labwinolo, iye n'kumaona pakamwa panga. Masamu okha tili pa Sitandade 4, chifukwa pamenepo mwanayu ndi wakuthwa, amandiwerengera chenji cha usipa ndisanamalize kumanga jumbo.

Ndinapitanso kwa ahedi. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo sindikufuna kuti dzina lake lifufutike m'kaundula, poti kulembetsa mayeso kumadzera kusukulu. Anandimvetsa. Tagwirizana kuti azipita kukalemba mayeso a kumapeto kwa temu ndi anzake, kuti ndiziona ngati tikuyendera limodzi kapena ine ndikungodzisangalatsa pakhonde.

Koma Tamanda, chimene chikundidya si mabuku. Ndi pakamwa pa anthu. Zinayamba ndi Nagama ku mjigo, akuti, “Mwana uja masiku ano sitikumuona ndi yunifolomu, kwagwanji?” Ndinamufotokozera bwinobwino. Patapita masiku pang'ono nkhani inabwerera kwa ine itavala zina: akuti ndikumubisa mwana m'nyumba. Sabata yathayi yafika poti ndinamukhwimira, khutulo ndinachita kulitseka ndine kuti usipa uziyenda malonda. Ine, amene ndinagona naye pansi m'chipatala muja iwe ukundibweretsera phala! Mayi wina amene wakhala akundigula zaka zonsezi anadutsa pa benchi langa osayang'ana, n'kukagula kwa wina. Mwina anangopeza wotchipa, koma mutu wanga unathamangira komweko. Tsopano ndikamva anthu akuseka kuseri kwa mpanda ndimasiya choko n'kutchera khutu. Ndikaphika nsomba yabwino ndimaganiza kuti fungo likafika kwa aneba anena kuti ndi ndalama zomwezo. Ndinafika pochotsa bolodi pakhonde n'kulilowetsa m'nyumba, kenako ndinaona kuti ndiye ndikuwapatsa umboni woti ndikumubisadi, n'kulitulutsanso. Pano lili panja penipeni pansi pa mtengo wa mango, aliyense wodutsa aziona kuti tikulemba “ba be bi bo bu”, palibe china. Apongozi sananene kanthu, koma anabwera Lamlungu n'kukhala nthawi yaitali akumuyang'ana mwanayo osayankhula, ndipo chete ameneyo wandipweteka kuposa mawu a Nagama. Ukanakhala kuno ukanapita ku mjigo komweko n'kukawayankha mmodzimmodzi, ndikukudziwa. Ine pakamwa pamandilemera, ndimangobwera kudzalira kubafa.

Agogo a Chifundo tinaika mwezi watha, unamva? Ndipo Linda ukwati wake ndi wa Disembala, mwamuna ndi wa ku Makanjira.

Makope akwera mtengo moti ndimadula limodzi pakati kuti akhale awiri. Choko chogula pa golosale n'chofewa, ukangolemba mizere ingapo chatha. Kutentha ndiye usanene, ikamakwana 10 koloko malata ayamba kale kulira, mwana thukuta kamukamu, pensulo kumaterera m'manja. Tikuyamba m'mamawa kwambiri kuti dzuwa likamakwera tikhale titamaliza, ine n'kuthamangira kumsika. Mbuzi ya a Mbewe inadya ngodya ya tchati changa cha malembo, kuyambira “t” mpaka “z” kulibe. Ndipo mavidiyo a masamu umanditumizira pa WhatsApp aja leka kaye, bandulo imatha ndisanaone ngakhale nkhope ya mphunzitsiyo, komanso magetsi akazima foni imagona tsiku lonse. Ngati ukufunadi kutithandiza, tumiza timabuku ta nthano ta Chingerezi chophweka, ta zithunzi zikuluzikulu, ndi mapu a Africa olimba oti mbuzi isawathe.

Lachisanu ndinamutenga kupita kutauni, tinakaima pa chipilala cha wotchi chija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pa mwala wokumbukira sitima ya Vipya anawerenga yekha 1946 ndi 145, n'kundifunsa kuti manambalawo ndi a chiyani. Nditamuuza kuti ndi chaka chimene sitimayo inamira ndi anthu amene anafera m'madzi, anafunsa mafunso njira yonse mpaka kunyumba: inali yaikulu bwanji, mphepo yake inali mwera kapena mpoto, bwanji sanasambire. Mwana amene ankati ndi wogona m'kalasi! Tikabwerera konko kukalowa mu myuziyamu ndikapeza ya pakhomo.

Chikundidetsa nkhawa china ndi masana. Anzake onse a pamzere pathu akaweruka kusukulu amadya n'kupita ku madrasa, ndiye iye amakhala yekha mpaka madzulo, kumangozungulira mpanda ndi galimoto yake ya mawaya. Ngakhale Chiyao chimene ankatola posewera chayamba kumuthawa. Silabasi iliyonse imene ndaiona, ya boma kaya yakunja, palibe imene ili ndi tsamba la zimenezo. Ndikuganiza zopempha mayi a Shakira kuti Loweruka ana awo azibwera tiziwerengera limodzi pansi pa mango, koma ndi mphekesera zimenezi kaya angalole mwana wawo kuponda pakhomo panga, ndipo ndikaganiza kuti ndikagogode n'kukanidwa pamaso pa

Tochi yayamba kufiira ndipo pepalali ndang'amba m'kope la Yamikani, sindingang'ambenso lina. Che Jafali akunyamuka Lolemba. Usaiwale mapu.

Ndine mnzako,
Mayi a Yamikani