Tiwaonetse ana nambala ya 2,147,483,647

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndipo ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze za nambala imodzi, 2,147,483,647, chifukwa zimandiwawa kuona ana akuloweza tanthauzo la nambala ya prime (nambala yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi) osaonapo ngakhale imodzi yowadabwitsa.

Nambalayi imapezeka mukachulukitsa 2 ndi 2 mpaka ma 2 atakwana 31, kenako n'kuchotsapo 1. Tsiku lina ndinailemba pa bolodi n'kuwauza ana a Fomu 2 kuti aigawe. Popeza imathera ndi 7, anazindikira msanga kuti 2 ndi 5 sizingaigawe, ndipo 3 inakananso chifukwa manambala ake mukawaphatikiza amakwana 46. Mtsikana wina analimbikira mpaka anadzaza tsamba lonse la kope, koma nthawi zonse pankakhala chotsala. Sanalakwitse, pakuti nambalayi imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi.

Amene anatsimikizira zimenezi ndi Leonhard Euler wa ku Switzerland, m'chaka cha 1772, ali ku St Petersburg, maso ake atatsala pang'ono kuferatu. Apa m'pamene ndimafuna kuti ana aone nzeru, chifukwa Euler sanayese nambala iliyonse mwachimbulimbuli. Ankadziwa kuti n'kosafunika kuyesa kuigawa ndi nambala yoposa 46,340, komanso kuti nambala ya prime iliyonse yomwe ingagawe imeneyi iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 62, ndipo mfundo ngati zimenezi zinachepetsa ntchito yake kwambiri.

Akatswiri amaiika m'gulu la ma prime opezeka pochulukitsa ma 2 n'kuchotsapo 1, otchedwa manambala a Mersenne, dzina lochokera kwa Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1648. Oyambirira m'gululi ndi 3, 7, 31 ndi 127, ndipo yathuyi ndi yachisanu ndi chitatu. Njirayi sikuti imabala prime nthawi zonse ayi: ma 2 akakhala 11 timapeza 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Prime yaikulu koposa yodziwika m'gululi, yomwe Luke Durant anaipeza mu Okutobala 2024, ili ndi madijiti 41,024,320.

Wina angafunse phindu lake. Makompyuta ambiri akale a 32-bit amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo malire a kuwerengako ndi nambala yomweyi. Masekondiwo adzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ya 05:14:07 m'mawa kuno kwathu, ndipo makina amene sadzakhala atakonzedwa adzasokoneza deti.

Choncho ndikupempha kuti nyuzipepala yanu izipatula kagawo kakang'ono, ngakhale kamodzi pa mwezi, kofotokoza nambala imodzi m'Chichewa, kuti ife aphunzitsi tizikadula n'kukamata pakhoma la kalasi pafupi ndi bolodi.

Mphunzitsi wa masamu,
Zomba